Nkhope ndi ya mwini wake: zimene ndinaona pa perete wa Pride

Mlongo wanga wamng'ono anandiimbira foni usiku wina. Titapatsana moni anangoti zii, nthawi yaitali ndithu, mpaka ndinayang'ana foni kuti mwina netiweki yadula. Kenako anati, "Achemwali, Loweruka kuli Pride. Mungandiperekeze?"

Pride ndi perete wa pamsewu pamene anthu okondana amuna kapena akazi okhaokha, ndi ena onga iwo, amaonetsa poyera kuti sachita manyazi ndi mmene alili, ndipo chizindikiro chake ndi mitundu ya utawaleza. Zoti mlongo wangayo amakonda amuna anzake anali atandiuza kale, ndipo tinali titakambirana mpaka mitima kukhala pansi. Koma kumvetsera m'bale wako muli awiriwiri m'nyumba ndi nkhani ina, kuyenda naye pamsewu dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, ndi nkhani inanso. Ndinavomera. Nditafunsa zoti nditenge, anati madzi, nsapato zosatulutsa matuza, ndi ambulera. Ndinanyamula ambulera yanga yaikulu yamvula, yakuda bii.

Tinkakhala mumzinda waukulu, m'dziko limene lamulo silimanga munthu chifukwa cha amene wamukonda. Ndanena izi dala. Zimene ndikufuna kukamba zinachitika pamalo pamene apolisi anabwera kudzatiteteza, osati kudzatigwira.

## Mtsikana wa masiki yakuda

Tinali titayendako ndithu. Kutsogolo kwathu kunali thiraki yonyamula masipika, nyimbo zikugunda mpaka m'chifuwa. Kumbuyo kunali gulu la amayi achikulire atagwirizira nsalu yaitali yolembedwa uthenga. Pambali panga pankayenda mtsikana wina wachichepere, atavala chipewa chogwetsera kumaso, magalasi akuda, ndi masiki yakuda imene inali itanyowa thukuta pamphuno. Chautawaleza chokhacho pathupi pake chinali kachingwe kopyapyala kamene anamanga padzanja, ndipo ankangokabisa ndi kukatulutsa m'mkono wa malaya. Sankavina. Koma ikalira nyimbo yoidziwa, mutu wake unkagwedezeka pang'ono.

Pakona pena panatulukira bambo wina. Sanali wodana nafe ayi. Anavala malaya autawaleza, nkhope ili mwee, foni ili pakamtengo kojambulira, akuulutsa pompopompo pa Facebook. Analowa pakati pathu akuyenda chafutambuyo, n'kumalozetsa foni pankhope ya aliyense. "Perekani moni kwa anthu akuonera! Tchulani dzina!" Ena ankabayibitsa, ena ankavinira kamera. Atafika pa mtsikana uja anati, "Mwabisiranji nkhope? Lero ndi tsiku lonyadira!" Ndipo dzanja lake linapita pamasiki.

Sanaichotse yonse. Chingwe cha khutu limodzi chinavuka, masiki n'kulendewera. Mtsikanayo anaphimba kumaso ndi manja onse awiri n'kunjuta pomwepo, pakati pamsewu, khamu likubwera kumbuyo.

"Achemwali, ambulera!" Mlongo wanga sanakuwe, koma mawu ake anali osafuna mafunso. Ndinaitsegula n'kuipendeketsa pakati pa foni ndi mtsikanayo. Mayi wina mwa oyang'anira perete, wovala jekete yachikasu yonyezimira, anafika msangamsanga n'kuima pambali panga. Amayi a nsalu aja anaima, n'kutizinga ndi nsalu yawoyo kuti obwera kumbuyo azilambalala. Ndinagwada kuseri kwa ambulera. Zala za mtsikanayo zinkanjenjemera moti chingwe chinkangomupulumuka. Ndinamufunsa ngati ndingamuthandize, anagwedeza mutu, ndipo ndinachikoleka kukhutu kwake.

Bambo uja zinamuwawa. "Uwu ndi msewu wa aliyense," anatero. "Ngati safuna kuoneka, wabwereranji? Ine ndili mbali yanu!" Mayi woyang'anira uja sanakweze mawu. Anati, "Zimitsani kaye, bambo, mufufute vidiyoyo ine ndikuona. Tikambirana mukatero." Anazimitsa, anafufuta. Koma chinthu choulutsidwa pompopompo chimakhala chitafika kale m'mafoni mwa anthu, ndipo kufufuta sikubweza zimene maso aona kapena zimene wina wasunga.

Mtsikanayo anandiyang'ana kudzera m'magalasi ake aja n'kunena motsitsa, "Anti, ine sindinabwere kudzaonedwa. Ndabwera kudzaona kuti tilipo ambiri. Fizi amandilipirira ndi bambo anga, ndipo abale anga onse ali pa Facebook."

Anadzuka, anakonza chipewa, n'kupitiriza ulendo. Sanathawe. Ine ndinasintha mbali n'kuyenda pakati pa iye ndi anthu oonerera mpaka kumapeto, ambulera ili chopendekera. Dzina lake sindinamufunse.

## Matumba a pepala ku Johannesburg

Funso la bambo uja silinandichoke m'mutu, chifukwa anthu ambiri a mtima wabwino amaganiza chimodzimodzi. Amati munthu akabwera ku Pride ndiye kuti wavomera kuti dziko lonse limudziwe. Mbiri ya pereteyu imakana zimenezo.

Pa 13 October 1990 ku Johannesburg kunachitika perete woyamba wa Pride mu Africa. Anamukonza ndi a bungwe la GLOW, lomenyera ufulu wa anthu okondana amuna kapena akazi okhaokha, lotsogoleredwa ndi Simon Nkoli, yemwe anali atakhalapo m'ndende pa mlandu wa ku Delmas woganiziridwa kuukira boma la tsankho, pamodzi ndi Beverley Ditsie ndi anzawo ena. Kunabwera anthu pafupifupi 800. Pa nthawiyo kugonana kwa amuna okhaokha unali mlandu ku South Africa, ndipo unakhalabe mlandu mpaka 1998 pamene khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linauthetsa. Podziwa zimenezi, okonza pereteyo anabweretsa matumba a pepala oti amene akuopa avale kumutu, ndipo ena anayendadi atavala. Ditsie analankhula pagulu nkhope ili poyera, anaoneka pa TV, ndipo ziopsezo zinamulondola mpaka kwawo ku Soweto.

Wa thumba kumutu ndi wa nkhope poyera anayenda msewu umodzi tsiku limenelo, ndipo palibe anavula mnzake thumba. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsiku loti makolo adziwe, abwana adziwe, a kutchalitchi kapena kumzikiti adziwe, amasankha ndi mwini wake, chifukwa akathamangitsidwa pakhomo wokagona panja ndi iyeyo. Wojambulayo amakagona pabedi pake.

Ndipo chithunzi chikalowa m'manja olakwika, zotsatira zake tinaziona. Mu October 2010 kanyuzipepala kena ka ku Uganda kotchedwa Rolling Stone, kosagwirizana n'komwe ndi magazini ya ku America ya dzina lomwelo, kanasindikiza mayina ndi zithunzi za anthu amene kankati ndi okondana amuna kapena akazi okhaokha, n'kulemba patsamba loyamba kuti apachikidwe. David Kato ndi anzake awiri anakasuma, ndipo mu January 2011 khoti linagamula mowakomera n'kuletsa nyuzipepalayo kupitiriza. Mwezi womwewo usanathe, Kato anaphedwa kunyumba kwake.

Masiku ano sipafunikanso mtolankhani kuti nkhope ilumikizidwe ndi dzina. Kompyuta imachita zimenezo payokha. Mu March 2025 nyumba ya malamulo ya ku Hungary inakhazikitsa lamulo lotsekereza Pride, lololezanso apolisi kugwiritsa ntchito makina ozindikira nkhope pofuna kupeza amene apitako n'kuwalipitsa chindapusa. Anthu anapitabe ku Budapest pa 28 June chaka chomwecho, oposa 100,000. Koma taganizirani, m'malo ngati amenewo vidiyo ya munthu wokondwa ngati bambo uja imasanduka umboni. Mayiko oposa 60 akadali ndi malamulo olanga anthu ogonana amuna kapena akazi okhaokha, ndipo pa perete aliyense wa mumzinda waukulu pamakhala anthu ochokera m'mayiko amenewo: ophunzira, apaulendo, othawa kwawo, amene tsiku lina adzafunika kudutsa pachipata cha dziko lawo, kapena amene amayi awo akukhala pakati pa aneba oti sangawachitire chisoni.

## Foni m'manja

Sindikunena kuti musajambule. Ine ndinabwerako ndi zithunzi zokongola: mbendera zitadzaza msewu, zikwangwani, misana ya anthu, nsapato za mlongo wanga zimene anazipaka mitundu usiku wonse. Nkhope zimene zilimo ndi za anthu amene ndinawafunsa, ndipo funsolo limakhala pawiri. Loyamba, "Ndikujambuleni?" Lachiwiri, "Ndingaike pa intaneti?" Munthu akhoza kuvomera loyamba n'kukana lachiwiri, ndipo palibe chodabwitsa pamenepo.

Kuulutsa pompopompo ndiye ndimakana kwamtuwagalu mukakhala pakati pa anthu oyenda pansi. Chithunzi wamba chimakupatsani mpata woti mukafika kunyumba muchiyang'ane bwino, muone amene walowamo kumbuyo mosadziwa, mudule kapena muphimbe nkhope yake. Pulogalamu ya Signal ili ndi kachida kophimbira nkhope, ndipo mafoni ambiri amatha kuchita zomwezo. Kuulutsa pompopompo sikupereka mpata umenewo. Kumbukiraninso kuti munthu sadziwika ndi nkhope yokha. Chipsera, chojambula chapakhungu, yunifolomu ya kuntchito, ngakhale mayendedwe, mayi wobereka amazindikira mwana wake ndi zochepa kuposa pamenepo. Musatage munthu, ngakhale mnzanu wapamtima, asanakuuzeni yekha. Ana a eni ake asiyeni.

Amene ali pamwamba pa mathiraki, amene avala zachionetsero n'kumaima kuti ajambulidwe, nkhani yawo ndi yosiyana pang'ono. Abwera kudzaoneka. Komabe kukweza foni n'kudikira kuti akugwedezereni mutu kumatenga kamphindi chabe.

Wina anena kuti lamulo limalola kujambula pamsewu. M'mayiko ambiri limaloladi. Koma lamulolo silidzamulipirira fizi mtsikana uja.

## Manja akhale kwanu

Chimene chinandipweteka kwambiri pa zochita za bambo uja si foni yokha, koma dzanja. Anagwira chinthu chimene chinali pankhope ya munthu wosamudziwa, ndipo sanaone cholakwika chifukwa mumtima mwake ankafuna zabwino.

Pa Pride anthu ena amavala zochepa kwambiri, ena amavala mawigi ataliatali ndi madiresi amene asoka miyezi. Pali anthu amene akaona zotere manja amawayabwa. Amasisita chifuwa cha mnyamata wosavala malaya, amakoka wigi kuti aone ngati ndi yeniyeni, amamenya thako la munthu n'kumaseka. Ndinaona akazi anzanga akuchita zimenezi kwa anyamata, ngati kuti poti mnyamatayo safuna akazi ndiye palibe mlandu. Mlandu ulipo. Zovala za munthu si chilolezo, ndipo kuvina naye nyimbo imodzi si chilolezo cha yachiwiri. Ngakhale kukumbatira, kumene pa Pride kumachuluka ndipo kumachiritsa ambiri, kumayamba ndi kutambasula manja n'kudikira. Akafuna abwera yekha.

Pakamwa napo pamagwira munthu. Mukakumana ndi awiri ogwirana manja, musafunse kuti mwamuna ndani, mkazi ndani. Mukakumana ndi munthu wa transgender, amene anabadwa ndi thupi lachimuna koma amadzimva kuti ndi mkazi, kapena lachikazi koma amadzimva kuti ndi mwamuna, musafunse za opaleshoni, za m'kati mwa zovala, kapena dzina limene ankadziwika nalo kale. Ndi mafunso amene inuyo simungayankhe munthu wachilendo pamsewu. Funso labwino ndi lakuti, "Ndikutchuleni ndani?" ndipo dzina limene wakupatsanilo ndi lomwelo.

Muyang'anenso pansi ndi kumbuyo. Pali oyenda panjinga za olumala amene khamu limangowatsekera kutsogolo, ndipo njingayo si yogwira kapena kukankha mwini wake asanapemphe. Pali osamva amene akufunika kuona womasulira m'chinenero chamanja papulatifomu, inu mwaimika chikwangwani chanu patsogolo pawo.

## Malo a ife operekeza

Ine si wa LGBT, dzina lachidule la anthu okondana amuna kapena akazi okhaokha, okonda amuna ndi akazi omwe, ndi a transgender. Ndinapita ngati mchemwali wa munthu, ndipo ndinkadzifunsa kuti malo anga ndi ati. Ndinalimba mtima nditamva za Jeanne Manford, mphunzitsi wa ku New York. Perete woyamba wa mumzindawo anachitika pa 28 June 1970, patatha chaka chimodzi apolisi atathira nkhondo bala ya Stonewall Inn, kumene anthu a LGBT ankakumanirana, anthuwo n'kukana kugonja. Mu 1972 mwana wa mayi Manford, Morty, anamenyedwa pa zionetsero zina, ndipo chaka chomwecho mayiyo anayenda naye pa pereteyo atanyamula chikwangwani chopempha makolo kuti agwirizane pothandiza ana awo. Achinyamata ambiri anamuthamangira, ena akulira, kumupempha kuti akalankhule ndi makolo awo. M'menemo ndi mmene munabadwira bungwe la PFLAG, la makolo ndi abale a anthu a LGBT, mu 1973.

Ndiye operekeza timafunika, zimenezo musakayike. Amayi a nsalu aja ankaimitsidwa pafupipafupi ndi achinyamata ongofuna kugwidwa dzanja ndi munthu wa msinkhu wa mayi awo. Koma tsikulo si lathu. Sitipita kukatsogolera, kukalanda maikolofoni, kapena kukasonkhanitsa zithunzi zoti anzathu atiyamikire kuti ndife omvetsa zinthu. Malo amene ine ndinawapeza ndi a m'mphepete, mbali ya oonerera, pamene thupi langa limatha kutchinga wina. Ine ndikajambulidwa sindichotsedwa ntchito, sindithamangitsidwa pakhomo. Mwayi umenewo ndi wofunika kuugwiritsa ntchito, ndipo ntchito yake ndi yomweyo ya ambulera.

Tisaiwalenso kuti si onse amabwera kudzavina. Mu 2012, pa Pride ya ku Johannesburg, gulu la One in Nine Campaign, lomenyera ufulu wa amayi, linagona pansi pamsewu wa Jan Smuts n'kuimitsa perete. Ankapempha mphindi imodzi yokhala chete pokumbukira akazi akuda okondana ndi akazi anzawo komanso anthu a transgender amene anaphedwa, monga Eudy Simelane, wosewera mpira wa timu ya akazi ya dziko la South Africa, Banyana Banyana, yemwe anagwiriridwa n'kuphedwa ku KwaThema mu 2008. Mmalo mopatsidwa mphindiyo, anakankhidwa ndi kunyozedwa ndi anthu a pa perete yemweyo, amene ankaona ngati akuwasokonezera chisangalalo. Nkhani imeneyi imandiwawa nthawi zonse ndikaikumbukira. Mukaona anthu anyamula zithunzi za omwalira, kapena pulogalamu yaima kuti anthu akhale chete, tsitsani mawu, tsitsani botolo, imani nawo.

## Dzuwa, khamu ndi matayala

Zoopsa zimene zimagwetsa anthu ambiri pa tsikuli si adani. Ndi dzuwa, ludzu ndi mowa. Mumayenda maola angapo pa tala wotentha, mukuvina, mwina simunadye. Idyani musananyamuke, imwani madzi musanamve ludzu, valani chipewa, dzolani mafuta oteteza khungu kudzuwa. Mowa umaumitsa thupi, choncho botolo lililonse lizitsatana ndi madzi. Chakumwa chanu chisachoke m'manja mwanu, ndipo chotsegulidwa kale chochokera kwa munthu wosamudziwa chikaneni mwaulemu.

Mnzanu akayamba kudandaula mutu, chizungulire, nseru, mutengereni pamthunzi, mumasuleni zothina, mumwetseni madzi pang'onopang'ono, mumuthire ena pakhosi ndi kumutu. Akayamba kulankhula zosamveka kapena kusokonezeka, imeneyo ndi ngozi yeniyeni, itanani achipatala nthawi yomweyo. Amene amamanga chifuwa ndi chovala chothina kuti mabere asaoneke, monga ena a transgender, kutentha kumawapeza msanga chifukwa sapuma mokwanira, ndiye ngati mnzanu ndi wotero muuzeni mwakachetechete kuti mupeza malo obisika oti amasuleko. Munthu akakomoka koma akupuma, mugonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe, ndipo musamusiye yekha.

Mathiraki ndi okongola koma woyendetsa saona amene ali pafupi ndi matayala, ndipo ndi phokosolo samva kukuwa. Mu June 2021 ku Wilton Manors, ku Florida, galimoto ya pa perete yemweyo inathamanga mwangozi n'kugunda anthu awiri, mmodzi n'kumwalira. Musathamangire zinthu zoponyedwa zimene zagwera pafupi ndi galimoto, musadutse pakati pa thiraki ndi chingwe cha oyang'anira, musakwere poti simunaitanidwe.

Khamu likathinana mpaka simungathe kukweza dzanja kukhudza nkhope yanu, yambani kutuluka. Musalimbane nalo chamutu. Ikani mikono patsogolo pa chifuwa kuti mupeze mpata wopumira, yendani nalo kwinaku mukusendera chammbali, ndipo chinthu chikagwa pansi chisiyeni. Netiweki imavuta pamene pali anthu ambiri, batire nalo limatha, ndiye gwirizanani malo ndi nthawi yokumana musanalowe m'gulu. Mlongo wanga anandilemba nambala yake pamkono ndi cholembera chosafufutika msanga, inenso ndinamulemba yanga.

## Okuwa m'mbali mwa msewu

Analipo. Kagulu kochepa kuseri kwa mpanda wa apolisi, ndi zikwangwani zawo ndi chimkuzamawu. Mawu ena amene ankanena anali ochokera m'buku limene inenso ndimawerenga, ndipo magazi anga anawira. Ndinafuna kuwayandikira kuti ndiwauze kuti amene akumutembererayo ndi mwana wa mayi anga. Mlongo wanga anandigwira pachigongono. "Achemwali, tiyeni. Amenewo akufuna vidiyo."

Ankanena zoona. Ambiri mwa iwo anali ndi mafoni m'manja, akudikira kuti wina apse mtima. Mukakangana nawo, gulu limaima pamalo oipitsitsa, ndipo amene amavulala kwambiri ndi achinyamata amene akumva mawu omwewo amene anathawa kunyumba. Chothandiza ndi kuyenda pakati pa okuwawo ndi anzanu, kuimba mokweza, kukweza mbendera kapena ambulera, n'kudutsa. Wina akawoloka mpanda kapena mukaona chokayikitsa, uzani oyang'anira kapena apolisi, musachite nokha.

Sindikufuna kuopseza munthu, koma kubisa n'kulakwa. Mu July 2015 ku Jerusalem munthu wina anabaya anthu 6 pa perete, ndipo Shira Banki, mtsikana wa zaka 16 amene anabwera kudzaima ndi anzake, anamwalira. Pa 25 June 2022 ku Oslo munthu wina anawombera anthu pafupi ndi bala ya London Pub usiku woti kukacha kuli perete, anthu awiri n'kufa, ndipo okonza anaimitsa mwambowo pomvera apolisi. Zoterezi sizichitika kawirikawiri, koma ndi chifukwa chake mukafika pamalo muyambe mwaona njira zotulukira, mudziwe kumene kuli tenti ya achipatala, ndipo oyang'anira akati tembenukani, tembenukani.

Kumene boma laletsa Pride, monga ku Istanbul kuyambira 2015, nkhani imakula. Kumeneko anthu amamangidwa, ndipo mawu omaliza ndi a eni malo amene akudziwa bwino apolisi awo. Akakuuzani kuti musavale zautawaleza popita, kuti malo okumana musawalembe pa intaneti, kuti nambala ya loya muilembe pakhungu, chitani zomwezo. Ngati muli mlendo m'dzikomo, dziwani kuti inu mudzakwera ndege, iwo adzatsala.

## Pobwerera

Ola loopsa kwambiri ndi lomwe nyimbo zazima. Pa perete muli anthu masauzande, apolisi ali pomwepo. Misewu iwiri kuchoka pamenepo muli nokha, mwatopa, mwina mwamwako, nkhope ili ndi utoto wautawaleza, ndipo mumzinda mwabwerera anthu a masiku onse. Ndinaona anyamata awiri amene tsiku lonse anagwirana manja akusiyana pang'onopang'ono pamene tinkayandikira pokwerera basi, mmodzi n'kuvala juzi pamwamba pa malaya ake, winayo n'kupinda mbendera kuika pansi penipeni pa chikwama. Palibe anawauza. Amadziwa.

Musawaone ngati amantha anthu otere, ndipo musawanyengerere kuti asiye mbendera poyera. Nyamulani malaya wamba ndi kansalu konyowa kopukutira utoto, mwina si inu amene mufune koma mnzanu. Chokani m'magulu. Funsani amene ali yekha kuti akulowera kuti. Mukamukweza galimoto munthu, dikirani ilowe mumsewu, ndipo mugwirizane kuti akafika atumize uthenga. Ngati inu ndi amene mukuyendetsa, mowa usakukhudzeni tsiku lonse. Ife tinaperekeza anthu angapo osawadziwa mpaka pokwerera, ndipo mmodzi anapempha kuti titsike naye patali pang'ono ndi kwawo, kuti a pakhomo asaone amene wabwera nawo.

Kusamala sikuthera Loweruka. Pa perete mukhoza kuona munthu amene mumamudziwa kwina, amene simunkayembekezera. Ine ndinamuona. Sindinena ngati ndi mwamuna kapena mkazi, kapena kumene timadziwirana. Maso athu anaphana, iye anatembenuka msanga, inenso ndinayang'ana kwina. Kupezeka kwake pamenepo sikunandiuze kanthu za moyo wake, pakuti mwina nayenso ankaperekeza m'bale wake ngati ine. Ndipo ngakhale kukanandiuza, si nkhani yanga yokafotokozera anthu, ngakhale aja timati ndi osunga chinsinsi. Titakumananso mkati mwa sabata ndinamupatsa moni wa masiku onse, tinakamba zimene timakamba nthawi zonse. Mpaka lero sanayambitse nkhani ya Loweruka lija, ndipo ngakhale mlongo wanga sindinamuuze kuti ndi ndani.